Ku Denmark akutaya malasha, koma nkhawa ili pa mitengo

M'nyengo yozizira ku Denmark madzi amaundana panja, ndipo banja lopanda chotenthetsera nyumba limakhala pachiswe. N'chifukwa chake mabanja pafupifupi awiri mwa atatu alionse m'dzikolo amalandira madzi otentha m'mapaipi apansi panthaka, omwe amafunditsa zipinda zawo. Mumzinda wa Copenhagen, nyumba zoposa 95 mwa 100 zilizonse zili pa mapaipiwa.

Gwero lalikulu la madziwa ndi masiteshoni opangira magetsi. Siteshoni yoyaka moto imasandutsa magetsi magawo pafupifupi 4 okha mwa 10 a mphamvu ya motowo, otsalawo amangotayika. Koma kutenthako kukatumizidwa m'makomo, magawo okwana 9 amagwira ntchito.

Nzeruyi idakula chifukwa cha mavuto. M'chaka cha 1973 mtengo wa mafuta udakwera koopsa, pomwe dzikolo linkadalira mafuta ogula kunja pa pafupifupi chilichonse. Zidafika poletsa magalimoto kuyenda Lamulungu. Mu 1979 boma lidakhazikitsa lamulo lopatsa makhonsolo udindo wokonza mapulani a madera oyenera mapaipi. Lamulo limanenanso kuti ogulitsa madzi otenthawa azilipiritsa zongokwanira kuyendetsera ntchito, osati kusaka phindu.

Mafuta atachoka, malasha ndiwo adalowa m'malo, koma utsi wake ukusokoneza nyengo. M'malo mogwetsa masiteshoni, eni ake adasankha kuwakonza. Mu 2016 siteshoni ya Avedøre, kufupi ndi Copenhagen, komanso ya Studstrup, kufupi ndi Aarhus, zidakonzedwa kuti ziziyaka timibulu ta utuchi wa mitengo. Ubwino wake ngwakuti mapaipi, nthambo za magetsi ndi madoko zidalipo kale, kotero ndalama zambiri zidapulumuka.

Komatu walira mvula walira matope. Gawo lalikulu la timibuluti limagulidwa kunja, kumayiko monga Estonia ndi Latvia. Omenyera chilengedwe akuti mtengo umapsa tsiku limodzi koma umatenga zaka makumi kuti ukule ndi kuyamwanso utsi womwe udatuluka. Makampani akuyankha kuti amagula zotsalira za m'mafakitale a matabwa ndi m'nkhalango zodzalidwanso. Kwa Mmalawi amene waona mapiri akumetedwa mpala ndi makala, nkhawayi si yachilendo.

Mzinda wa Esbjerg wayesa njira ina. Siteshoni yake ya malasha itatsekedwa mu 2024, ntchito ina idatengedwa ndi makina akuluakulu okoka kutentha m'madzi a m'nyanja. Makinawa amagwira ntchito ngati filiji yotembenuza, ndipo amayendera magetsi omwe ambiri amachokera ku mphepo. Nkhuni zikuyakanso kumeneko, koma si nkholokolo yokhayo.

Kuno kwathu, ngakhale ku Dedza mu June, sitifunika mapaipi ofunditsira nyumba. Komabe mfundo yosataya kutentha ilipo kale: mafakitale a shuga ku Nchalo ndi ku Dwangwa amawotcha zotsalira za nzimbe n'kupeza nthunzi ndi magetsi pamoto umodzi.

Chomwe makhonsolo athu angatolepo n'chakuti a ku Denmark adayamba ndi pulani ndi lamulo loteteza thumba la banja, makina n'kubwera pambuyo. Mapaipi omwewo anyamula madzi otenthetsedwa ndi mafuta, malasha, utuchi ndipo lero nyanja, koma mwini nyumba sadagumulepo khoma lake.