Chikho chimene chinadikiridwa zaka 108

Kuno ku Chiradzulu, Novembala ndi mwezi woyang'ana kumwamba, mizere itatha kale, mbewu ili m'manja. Ku America masamba amakhala akuyoyoka, chisanu chayandikira, ndipo mpikisano wa baseball umafika pa ndime yotsiriza yotchedwa World Series. Masewerowa ndi achilendo kwathu: wina amaponya kampira kolimba, mnzake amakamenya ndi chibonga n'kuthamanga kuzungulira bwalo. Komabe nkhani ya pa 2 Novembala 2016 ndikufuna ngakhale ochemerera mpira pa Mbulumbuzi aimve. Timu ya Chicago Cubs inatenga chikho komaliza mu 1908, John Chilembwe adakali moyo akuphunzitsa ana ku Mbombwe. Tangoganizani, anthu anabadwa, kukalamba mpaka kuikidwa m'manda akuchemerera timu yosabweretsa chikho, koma osaitaya. Mu World Series ya 2016, timu ya Cleveland, imene inkapikisana ndi Cubs, inali patsogolo ndi masewero atatu kwa amodzi, Cubs n'kubweza mpaka kufika pa masewero otsiriza, achisanu ndi chiwiri. Kumeneko zigoli zili 6 kwa 6, mvula inaimitsa masewero kwa mphindi 17. Jason Heyward wa Cubs anasonkhanitsa anzake m'chipinda n'kuwalimbitsa mtima, ndipo atabwerera, mnzake Ben Zobrist anamenya mpira umene unatsegula njira, Cubs n'kupambana 8 kwa 7. Ambiri amatama Derek Jeter wa New York Yankees, amene anapambanitsa timu yake pa masewero ena a World Series pakati pa usiku pa 1 Novembala 2001, koma chikho chaka chimenecho chinapita ku Arizona. Kwa ine usiku wa Cubs ndiwo woposa onse.