Tisalitaye msanga dzina la Joyce

Mukafika pa msonkhano wa amayi a Mvano kapena a Chigwirizano n'kuitana kuti "Mayi Joyce!", musadabwe akatembenuka atatu kapena anayi nthawi imodzi. Chimodzimodzi pa msika wa Lunzu, wa Mponela ngakhale wa Jenda. Pa mzere wa amayi ogulitsa tomato, usipa ndi kaunjika dzinali silisowa. Koma mukalowa m'kalasi ya Sitandade 1 lero n'kupempha aphunzitsi kuti akuwerengereni kaundula, mumva a Favour, a Precious, a Shantel, a Tadala ndi a Chisomo. Joyce mumumva mwa apo ndi apo, mwinanso osamumva n'komwe.

Dzinali likukalamba pamodzi ndi eni ake. Nkhani ikabuka m'banja yoti khanda lachitsikana litchedwe dzina la agogo ake, makolo achinyamata amakwinya nkhope. Ati n'lachikale, ati anzake azikamuseka kusukulu. Ena afika pomaopa kuti dzina la agogo limabwera ndi mavuto a agogowo. Ife tikuona kuti ambiri mwa amene akulikana dzinali, ngakhalenso amene akuliumirira, sadafunsepo komwe lidachokera.

Mukafunsa tanthauzo la Joyce, anthu ambiri ayankha mosakayika kuti ndi Chimwemwe, poti m'Chingerezi muli liwu loti joy lomwe limatanthauza chimwemwe. Yankholi ndi lokoma, koma si komwe dzinali lidayambira. Ofufuza za chiyambi cha maina amalilondola mpaka ku Brittany, chigawo cha kumadzulo kwa dziko la France komwe anthu ake ali ndi chiyankhulo chawochawo cha Breton. Kumeneko dzinali linkamveka kuti Judoc, kuchokera ku liwu lakale lotanthauza mbuye kapena mfumu. Ndipo, amayi athu musakhumudwe, lidali dzina la amuna.

Amene adalitchukitsa ndi mkulu wina wotchedwa Judoc yemwe adamwalira cha m'ma 668. Mbiri ya mpingo imati bamboyu adali mwana wa mfumu. Mkulu wake, Judicael, atafuna kutula pansi ufumu, mpando udayenera kugwera iyeyo. Judoc adaukana. Adachoka kwawo, adadzozedwa unsembe, ndipo adakhala moyo wodzipatula m'dera la Ponthieu kumpoto kwa France, komwe mpaka lero kuli mudzi wotchedwa Saint-Josse pokumbukira iye. Mpingo wa Katolika umamuwerengera pakati pa oyera ndipo tsiku lake ndi 13 Disembala.

Ku Mangalande dzinali lidawoloka kawiri. Koyamba kudali kumayambiriro kwa zaka za m'ma 900, pomwe ansembe othawa achifwamba a pamadzi otchedwa Viking adanyamula mafupa a Judoc kupita nawo ku Winchester. Kachiwiri kudali m'chaka cha 1066, pomwe William wa ku Normandy adalanda dziko la Mangalande ali ndi asilikali ena ochokera ku Brittany komweko. M'kamwa mwa Afalansa Judoc adasanduka Josse, ndipo Angerezi adayamba kulemba Joce, kenako Joyce. Patapita zaka mazana angapo amuna adalisiya, likungotsala ngati dzina la bambo m'mabanja ena, monga la mlembi wotchuka wa ku Ireland, James Joyce. Amene adalitola ndi akazi, ndipo chomwe chidawakopa n'chomwecho chimene chimatikopa ife: limamveka ngati chimwemwe. M'zaka za m'ma 1920 ndi 1930 lidali pakati pa maina a atsikana okondedwa kwambiri ku Mangalande, ndipo ku America lidakwera kwambiri m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940.

Zaka zimenezo dziko lino lidali pansi pa ulamuliro wa Angerezi, choncho n'zosadabwitsa kuti dzinali lidatipeza. M'Baibulo mulibe Joyce monga muli Rute, Estere kapena Maria. Lidabwera ndi anthu: aphunzitsi a kumishoni, anamwino, madona a m'maboma ndi m'maesiteti. Makolo athu adali ndi chizolowezi chotenga dzina la munthu yemwe amamulemekeza kapena yemwe adawachitira zabwino. Ngakhale Kamuzu Banda dzina loti Hastings adalitenga kwa mmishonale wa ku Scotland, John Hastings. Dzina likalowa m'mudzi kamodzi, limayenda lokha. Azakhali amalipereka kwa mwana wa mlongo wawo, mwanayo akakula amalipereka kwa mdzukulu, mpaka anthu kuiwala kuti lidali lachilendo.

Tikayika mbali ziwiri za mbiriyi pamodzi timapeza chinthu chochititsa chidwi. Mwini dzina woyamba kudziwika adathawa mpando wa ufumu. Patapita zaka zoposa 1,300, mayi wina wa dzina lomwelo, wobadwira kwa Malemia ku Zomba m'chaka cha 1950, adakhala pa mpando waukulu wa dziko lino. Mayi Joyce Banda adalumbira kukhala mtsogoleri wa dziko pa 7 Epulo 2012, patangopita masiku awiri Bingu wa Mutharika atamwalira, ndipo adalamulira mpaka Meyi 2014. Adali mayi woyamba kufika pamenepo m'Malawi muno. Ku Zimbabwe nako Mayi Joice Mujuru adali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko kuyambira 2004 kufika 2014. Za momwe amayiwa adalamulirira aliyense ali ndi maganizo ake, ndipo si nkhani yathu lero. Chathu n'chakuti dzina limodzi lomwelo lidanyamulidwa ndi wothawa ufumu, lidanyamulidwa ndi olamula dziko, ndipo likunyamulidwa ndi mayi yemwe akukazinga mandasi pa depoti. Ngati dzina likadakhala kuti ndilo limalemba tsogolo la munthu, onsewa akadayenda njira imodzi.

Tikunena izi chifukwa masiku ano kwabuka aneneri ena amene akuuza amayi ndi atsikana kuti banja likuwavuta, bizinesi sikuyenda kapena mwana akulephera mayeso kaamba ka dzina lomwe adatengera kwa agogo. Ati dzinalo lili ndi maunyolo a kumtundu, lifunika kumasulidwa. Kumasulako nthawi zambiri sikubwera kwaulere. Mayi amatulutsa ndalama yomwe ikadagula thumba la feteleza kapena yunifolomu ya mwana, ndipo akabwerera kunyumba amayamba kuwayang'ana ndi diso lina agogo omwe adamulera. Pali nkhalamba zina zomwe zayamba kunenedwa ufiti nkhani yake itayambira pa dzina basi. Izi n'zomvetsa chisoni, ndipo atsogoleri a mipingo yokhazikika sayenera kumangozipenyerera.

Zomwe zimamanga mtsikana m'dziko muno tikuzidziwa tonse, ndipo sizili m'dzina. Ndi kusiya sukulu chifukwa chosowa fizi, ndi mimba ali wamng'ono, ndi kukwatiwa asadakhwime. Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la maukwati m'chaka cha 2015 lomwe lidaika zaka 18 ngati msinkhu wokwatiwira, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko adasinthidwa kuti agwirizane ndi zimenezo. Kholo lofuna kumasula mwana wake wamkazi liyambire pamenepo. Mtsikana wochotsedwa sukulu ali Sitandade 6, kaya mumutche Favour kaya Blessings, adzavutika chimodzimodzi.

Sitikunena kuti dzina ndi chinthu chachabe, ayi. Makolo athu ankadziwa kuti dzina limayankhula, mwina ankadziwa mopitirira muyeso. Ndani sadziwa a Misozi, a Masautso, a Tilekeni, a Nditani ndi a Ndaziona? Maina otere ankabadwa m'nyumba momwe ana adatsogola motsatizana, kapena momwe mayi ankafuna kuyankha apongozi, mkazi mnzake kapena mnansi yemwe ankamuganizira zoipa. Mkangano unkatha, okangana ankamwalira, koma mwana ankatsala atasenza mawuwo mpaka kumanda. Pamenepa tikugwirizana ndi makolo a lero omwe akusankha Tadala, Takondwa, Tiyamike, Mphatso ndi Chisomo. Mwana si kalata yotumizira mdani.

Chodabwitsa n'chakuti anthu omwewo amene amasamala chotere tanthauzo la dzina la Chichewa, likakhala lachizungu safunsa n'komwe. Angolimva pa kanema kapena kuliona pa Facebook, basi lakoma. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Taonani Shantel, yemwe ena akumuthamangira pothawa Joyce ati chifukwa n'lamakono. Dzinali ndi Chantal, lachokera ku France komweko, ndipo lidatchuka kaamba ka mayi woyera wa Katolika, Jeanne de Chantal, yemwe adamwalira m'chaka cha 1641. Ambiri amaganiza kuti likukhudza kuimba, pomwe muzu wake ukunena za malo a miyala. Dolores m'Chisipanishi ndi zisoni, ndiye kuti Misozi yemwe tamuthawa uja wangovala diresi lina. Cecilia, dzina lomwe amayi ambiri olemekezeka m'dziko muno amadziwika nalo, limachokera ku liwu la Chilatini lonena za khungu, koma sitidamvepo kuti a Cecilia amavutika maso kuposa anzawo.

Nanga Joyce tizimutanthauzira bwanji, mfumu kapena chimwemwe? Ife tikuti zonse ziwiri n'zoona. Loyambalo ndi la m'mabuku. Lachiwirilo ndi lomwe lidali mumtima mwa bambo kapena azakhali pomwe ankatchula dzinalo mwana atatuluka m'chikuta, ndipo palibe katswiri yemwe angawalande. Pamwamba pa matanthauzo awiriwa pali lachitatu lomwe banja lililonse limadziwa lokha. Ngati agogo Joyce ndiwo adagulitsa zitumbuwa kuti bambo wa mwanayu aphunzire, ndiye kuti m'banjamo dzinalo likutanthauza zimenezo. Kulikana chifukwa choti silikumveka bwino pa foni ndi kutaya mbiri ya banja ndi manja awiri.

Komanso mafashoni a maina amazungulira ngati a zovala. Ku Mangalande maina omwe ankaoneka a nkhalamba, monga Florence, Ivy ndi Elsie, adabwereranso ndipo makanda ambiri akutchedwa maina amenewa. Favour wa lero naye adzakhala gogo, ndipo zidzukulu zake zidzati dzinalo n'lachikale.

Pali chifukwa china chomwe nkhani ya dzina yakulira kuposa kale. Masiku amakedzana dzina la ubwana silinkakhala la muyaya. Mtsikana ankatha kulandira lina kuchinamwali, lina paubatizo, ndipo akakula anthu ankangomutchula Nabanda, Naphiri kapena Nambewe, apo ayi amake auje. Dzina lolakwika linkafa lokha. Lero sizili choncho. Kuyambira 2015 lamulo limafuna kuti mwana aliyense wobadwa m'dziko muno alembetsedwe, ndipo mu 2017 bungwe la National Registration Bureau lidalemba anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo kuti alandire ziphaso zaunzika. Dzina lomwe lalowa pa fomu ya kubadwa ndi lomwe lidzafunike polemba mayeso, potsekula akaunti kubanki, polembetsa nambala ya foni ndi potenga pasipoti. Kulisintha mwalamulo n'kotheka, koma ndi ntchito yodya nthawi ndi ndalama.

Apa ndi pomwe a Joyce ambiri apunthwa kale. Pa satifiketi ya sukulu palembedwa Joyce, pa chiphaso chaunzika Joice, pa khadi la ubatizo Joisi. Kwa ife apamudzi ndi munthu mmodzi yemweyo, koma kwa kompyuta ndi anthu atatu, ndipo kalaliki sangachitire mwina koma kumubweza. Mayi wochokera kutali amawononga ndalama ya thiransipoti maulendo angapo pofuna kukonza chilembo chimodzi. Vutoli si la a Joyce okha. A Esnart, a Loveness ndi a Fales akulidziwa bwino.

Mwambo wathu umati dzina lidikire mpaka mchombo utagwa, ndipo woyenera kutchula atchule atanyamula kangachepe ka mwanayo. Mwambowu tisautaye, koma kukambirana kwake kuyambe mayi akadali woyembekezera, kuti tsiku lolemba likafika pasakhale kutola dzina mothamanga pakhonde la chipatala. Amene akukalembetsa apite ndi dzinalo litalembedwa papepala, ndipo asadachoke awerenge zomwe kalaliki walemba, chilembo ndi chilembo.

Kwa mabanja omwe akukanganabe pakati pa dzina la agogo ndi lamakono, pa fomu pali malo a dzina loposa limodzi. Joyce Tadala akukwana bwinobwino, ndipo mwanayo akadzakula adzasankha yekha lomwe azidziwika nalo. Ngati agogowo akadali moyo, apatseni mpando muwafunse yemwe adawatcha dzinalo, adali ndani wawo, nanga adalimva kuti. Mulembe zomwe akuuzeni kuseri kwa khadi la sikelo la mwanayo.