Njanji Yakumudzi Imafera Kusowa Katundu ndi Oiyang'anira

Kumadzulo kwa mzinda wa Johannesburg kuli tauni yaing'ono ya Magaliesburg, pa njanji imene inatsekulidwa m'chaka cha 1907 kuchokera ku Krugersdorp kukafika ku Zeerust. M'zaka za m'ma 1920 anamanga njanji ina yochokera pamenepo kulowera ku Pretoria, yodutsa m'minda ya ku Hekpoort ndi ku Skeerpoort pafupi ndi damu la Hartbeespoort. Lero sitima siziyendanso pa njanji yachiwiriyi, ndipo zokolola za m'chigwacho zimatuluka pa malole. Nkhani yake iyenera kuwakhudza alangizi a zaulimi m'maiko onse a kuno kummwera kwa Africa.

Njanji zakumudzi zoterezi zinali za mzere umodzi, kotero ngozi yaikulu inali yakuti sitima ziwiri zingawombane. Pofuna kupewa zimenezi, bungwe la South African Railways linkagawa njanji m'zigawo, kuchokera pa siteshoni ina kufika pa inzake. Pa njanji za sitima zochepa, chigawo chilichonse chinali ndi ndodo yake imodzi yamtengo, ndipo woyendetsa sitima sankaloledwa kulowa m'chigawocho popanda chilolezo cha ndodoyo. Pa njanji zotanganidwa panali makina, monga a Van Schoor, olumikizidwa ndi waya pakati pa masiteshoni awiri. Makinawo ankatulutsa kachitsulo kachilolezo pokhapokha akulu a masiteshoni onse awiri atagwirizana, ndipo kena sikankatuluka mpaka koyambako katabwezedwa. Polowera pa siteshoni pankaima mlongoti wokhala ndi mkono: ukatambasuka chopingasa, kapena nyali yofiira ikayaka usiku, sitima inkaima.

Dongosolo limeneli linkadalira anthu. Mkulu wa siteshoni yemweyo ndiye ankalandira feteleza wa alimi, kulemba matumba a mbewu ndi kuitanitsa mabogi. Malipiro ake ankachokera m'katundu amene alimiwo ankatumiza. Kuyambira mu 1930 lamulo linkateteza njanji ku mpikisano wa malole, koma lamulo la 1988 linamasula zamtengatenga zapamsewu. Katundu atachepa, masiteshoni aang'ono anayamba kutsekedwa mmodzimmodzi. Ndipo pamene palibe munthu, waya ndi zitsulo zimapeza eni ake ena. Zimenezi zinaonekanso mu 2020, pamene mbava zinakanganula mawaya a njanji za sitima zonyamula anthu m'chigawo cha Gauteng.

Ena amati palibe chodandaulitsa, popeza lole imafika pakhomo pa mlimi ndipo sidikira tsiku la sitima. Pa ndiwo zamasamba, zipatso ndi mkaka, mfundoyo ndi yoona. Koma chimanga ndi feteleza ndi katundu wolemera wa mtengo wotsika, amene phindu lake limathera pa mayendedwe. Pa msika wa mbewu wa ku Johannesburg, mtengo wa chimanga amauwerengera ku Randfontein, ndipo mlimi wakutali amadulidwa ndalama zoyendetsera chimanga chake kukafika kumeneko. Komanso pa chilala cha 1992, chimanga chambiri chimene chinapulumutsa anthu ku Zimbabwe, ku Zambia ndi ku Malawi chinachoka pa madoko a South Africa pa sitima. Njanji imaoneka yosafunika mpaka chaka cha njala.

Malawi naye ali ndi bala lotere. Njanji yochokera ku Limbe kudzera ku Nsanje kulowera ku Beira inadulidwa ndi nkhondo ya ku Mozambique m'zaka za m'ma 1980, kenaka madzi osefukira anaikokolola ku Chiromo mu 1997. Alimi a thonje a kuchigwa cha Shire anatsala ndi msewu wokha.

Mlangizi sangamange njanji, koma pali zimene angachite. Angalangize alimi kuti asalime kapena kumanga m'malo osiyidwira njanji, chifukwa malowo akangogawidwa, kuwabweza kumafuna chipukutamisozi chochuluka. Madzi akatayika sawoleka. Angathandize makalabu ndi makopaletivu kusonkhanitsa zokolola pamalo amodzi, popeza oyendetsa njanji amawerenga mabogi odzaza, osati madandaulo. Angasungenso chiwerengero choona cha matumba otuluka ndi olowa m'dera lake, kuti maboma pokambirana zotsekulanso njanji akhale ndi umboni wochokera kumunda.

Za zizindikiro, mabungwe a njanji asazitenge ngati chopinga. Masiku ano woyendetsa sitima angalandire chilolezo cholowera m'chigawo pa wailesi yolankhulirana, popanda waya wamkuwa wokopa mbava. Lamulo lake ndi lakale lomwe lija: sitima imodzi m'chigawo chimodzi. Chimene makina sangabweretse ndi katundu wodzaza mabogi, ndipo ameneyo ali m'manja mwa alimi ndi alangizi awo.