Namwino wopita kukafufuza sanathawe chipatala

Kuno ku Angónia ndi ku Tsangano, mwana wamkazi akamaliza maphunziro a unamwino makolo amati basi, wafika. Akanena kuti akufuna kupitiriza sukulu kuti adzafufuze chimene chikupha amayi apakati, ena amamunena kuti waopa magazi, akufuna mpando wa mu ofesi. Abale, maganizo amenewa ndi olakwa, ndipo umboni wake uli pafupi, kutsidya kwa malire.

Ku Malawi kuli mayi Address Malata, namwino ndiponso mzamba. Mayiwa anakhala mkulu wa sukulu ya anamwino ya Kamuzu College of Nursing, ndipo m'chaka cha 2016 anasankhidwa kutsogolera yunivesite ya MUST ku Thyolo. Koma nkhani yathu si maudindowo. Pamene ankachita maphunziro apamwamba ku yunivesite ya Edith Cowan ku Australia, funso lawo linali lakumudzi ndithu: kodi mtsikana wa pakati poyamba amauzidwa chiyani kusikelo, nanga iye mwini akufuna kudziwa chiyani? Anakafunsa amayi eni ake. Pa zimene anamvazo anakonza maphunziro a uchembere, nawayesa, ndipo zinaoneka kuti amayi ophunzitsidwa moterewa anadziwa zambiri kuposa anzawo ongopita kusikelo monga mwa masiku onse.

Wina angati zimenezi n'zazing'ono. Ayi. Mayi wa mumzinda wa Tete wodziwa Chipwitikizi amafunsa namwino mpaka amvetse. Mayi wa ku Dómuè amene sanapite kusukulu, akapezana ndi namwino wochokera ku Beira wosamva Chinyanja, amangovomera ndi mutu, nabwerera kwawo asanamve kuti kutupa nkhope ndi manja, mutu wosaleka ndi kuona chimbuuzi ndi zizindikiro zoti athamangire kuchipatala tsiku lomwelo. Onse awiri alembedwa m'buku kuti anabwera kusikelo. Kusiyana kwawo kungaoneke pokhapokha wina atakhala pansi ndi kuwafunsa.

M'chaka cha 1994 Sereen Thaddeus ndi Deborah Maine analemba kuti mayi wapakati amafa chifukwa cha kuchedwa kutatu: kuchedwa kunyumba, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kulandira chithandizo atafika kale kuchipatala. Kuchedwa kwa panjira tikukudziwa tonse, ngolo ndi njinga m'matope a Janyuwale. Kwa kunyumba ndiko sitikonda kukunena. Matenda ayamba usiku, mwamuna ali ku Joni, anthu akudikira mawu a amalume, ndipo m'midzi ina mwana akachedwa kubadwa mayi amaumirizidwa kuti aulule amuna amene anayenda nawo, pamene vuto ndi lakuti mwana wagona mopingasa kapena njira yachepa. Mlendo wobwera ndi galimoto ya bungwe sangauzidwe zotere. Angauzidwe ndi mwana wa m'mudzi momwemo amene anaphunzira kufunsa ndi kulemba.

Boma limawerenga ndithu. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2011 anapeza kuti amayi 408 ankafa pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo, ndipo wa 2022 mpaka 2023 anapeza 233. Tikuthokoza. Koma nambala imodzi ya Moçambique yense imaika mtanga umodzi mayi wa ku Maputo ndi wa ku Chifunde. Ife a m'malire tili ndi vuto linanso. Mlongo wathu akakachirira ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Mwanza, amalowa m'mabuku a Malawi. Akafera panjira kapena m'nyumba, kawirikawiri salowa m'buku lililonse la chipatala. Tsono mabedi, mankhwala ndi ambulansi adzatigawira poyang'ana chiyani?

Kuwerenga kumatsegula maso a akuluakulu. Dr. Caetano Pereira ndi anzake anaonetsa m'chaka cha 2007 kuti m'zipatala za m'maboma maopaleshoni akuluakulu a uchembere 92 pa 100 alionse ankachitidwa ndi ma técnico de cirurgia, osati madokotala. Anthu amene ena ankawayesa ongogwirizira ndiwo anali atanyamula ntchito yonse.

Pempho lathu kwa akuluakulu a zaumoyo m'chigawo cha Tete ndi ili. Mwa anamwino a amayi ndi ana amene agwira ntchito zaka zambiri ku Ulónguè, ku Furancungo ndi ku Zóbuè, musankhe olankhula Chinyanja, muwalipirire maphunziro ku ISCISA ku Maputo, ndipo mugwirizane nawo kuti kafukufuku wawo adzachitire m'midzi yomweyi. Akamaliza, zimene apeza asakangozisiya m'kabati ku Maputo. Adzaziwerenge pabwalo la mfumu, amuna ndi apongozi ali pomwepo.