Wosokoneza m'njira za phiri la Mulanje alangidwe yekha

Loweruka m'mawa pa Likhubula, njira yokwera phiri la Mulanje imadzaza anthu osiyana zolinga. Alendo akulowera ku Chambe, anyamata owanyamulira katundu ali patsogolo. Amayi akutsika ndi mitolo ya nkhuni yotalika kuposa eni ake. A mpingo akukwera kukapemphera, ana asukulu akuthamangira ku Dziwe la Nkhalamba. Malo ena njirayo ndi yopapatiza moti wina amayenera kuima kuti mnzake adutse.

Masiku ambiri palibe mkangano. Wopanda katundu amapatukira wosenza, apatsana moni, ulendo n'kupitirira. Mwambo umenewu sunalembedwe pa chikwangwani chilichonse.

Amene amauswa ndi ochepa, ndipo amadziwika. Ndi uja amakwera ndi sipika yaphokoso ngati akupita ku ukwati, uja amaswera mabotolo a mowa pamiyala imene ana amaponda opanda nsapato, uja amaumiriza mlendo kuti amulondolere njira pamene sali m'kaundula wa olondolera. Mlendo amene amaloza kamera kumaso kwa mayi wosenza nkhuni osayamba wapempha ali m'gulu lomweli. Oopsa kuposa onsewa ndi woyatsa tchire m'chilimwe ndi wocheka matabwa usiku.

Koma pali wosokoneza wina amene sapezeka m'njira. Iye amadikira pabwalo la mfumu, pamsonkhano wa chitukuko kapena pa pulogalamu ya wailesi yoimba foni. Luso lake ndi kusandutsa cholakwa cha munthu mmodzi kukhala mlandu wa gulu lonse. Akamva za botolo losweka, akuti achinyamata onse aletsedwe kufika padziwe. Akaona chitsa, akuti otola nkhuni athamangitsidwe. Mnzake wa mbali inayo amayankha kuti phiri ndi la makolo awo, alendo abwerere kwawo. Anthu odekha amangokhala chete, nthawi n'kutha, osagwirizana kuti ndani akonze mlatho wothyoka kapena kutola zinyalala.

Akuluakulu amati nsomba ikaola imodzi zaola zonse, koma pa Mulanje mwambi umenewu ungasocheretse anthu. Mbiri ya mkungudza ndi umboni. Phirili linakhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, komabe kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu ya mkungudza 7 yokha. Sanaimalize ndi amayi otola nkhuni zouma. Inapita ndi macheka, moto, ndi ogula matabwa okhala kutali ndi phiri amene mwina sanapondepo njira ya ku Chambe. Ndipo ntchito yobwezeretsa mtengowu, imene bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust latsogolera pamodzi ndi anzake, yatsamira pa manazale a anthu a m'midzi yozungulira phiri, anthu omwewo amene wolalata uja akufuna awatsekere njira.

Opemphera nawo si ofunika kuwanyoza. Pamene UNESCO inaika phirili pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2025, chifukwa chachikulu sichinali kutalika kwa Sapitwa, mamita 3,002, koma ubale wauzimu wa Amang'anja, Ayawo ndi Alhomwe ndi phirilo. Amene amakwera ndi nsembe kapena ndi Baibulo sanalowerere malo a mwini.

Alendo alinso ndi phunziro lawo. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anasiya womulondolera n'kupitiriza yekha cha ku Sapitwa, ndipo anapezeka atamwalira patapita masiku ambiri akumufunafuna. Kuuzidwa kuti mutenge wodziwa njira si kuberedwa ndalama. Koma zimenezi zimamveka pokhapokha wolondolera weniweni akamazindikirika ndi chiphaso, kuti mlendo asamusokoneze ndi wachinyengo wa pachipata.

Choncho lamulo liloze khalidwe, lisaloze mtundu wa anthu. Pa Likhubula, pa Fort Lister ndi polowera pena paliponse palembedwe m'Chichewa, m'Chilhomwe ndi m'Chingerezi zinthu zochepa zoletsedwa, ndipo wolakwa achenjezedwe kamodzi, akabwereza abwezedwe pachipata, kaya wabwera pa kabaza kaya pa galimoto ya kazembe. Milandu ya moto ndi macheka njosiyana: lamulo la nkhalango la 1997 lilipo, ndipo malo ake ndi kukhothi.

Pamisonkhano napo wapampando asachite manyazi. Wolalata apatsidwe nthawi yofanana ndi ya aliyense, afunsidwe kuti atchule tsiku, malo ndi chimene chinachitika. Akalephera, kapena akayamba kutukwana gulu lonse, akhale pansi alankhule wina. Kawirikawiri munthu wotere amakula mphamvu chifukwa onse amasiya nkhani yeniyeni n'kumayankha iye.

Chaka chilichonse, pa mpikisano wa Porters' Race, othamanga amakwera kuchokera pa Likhubula kudzera ku Chambe ndi Lichenya, mtunda wopitirira makilomita 20, m'njira zomwezi. Dzina la UNESCO libweretsa mapazi ochuluka kuposa amenewo, pamene njira sizikula. A dipatimenti ya nkhalango, mafumu ndi atsogoleri a olondolera alendo akhale pansi alembe malamulowo tsopano, nyengo ya alendo isanafike.