Lumo la 1968 lichoke m'manja mwa boma

Mwana wa pasekondale ya Masongola amene amajambula Spider-Man kuchikuto kwa kope lake adziwe kuti luso limeneli lidakhala ndi adani chiyambire. Superman adatuluka koyamba ku America mu 1938, eni ake Jerry Siegel ndi Joe Shuster atamugulitsa madola 130 okha. Batman adatsatira mu 1939, ndipo timabuku ta nkhani zojambulati tidayenda malonda ngati zitumbuwa pa depoti.

Zinthu zidatembenuka mu 1954. Dokotala wa matenda a maganizo, Fredric Wertham, adatulutsa buku lonena kuti timabukuti tikuononga ana, ndipo komiti ya aphungu a Senate idaitanitsa osindikiza kuti adzayankhe. Boma la dzikolo silidapange lamulo loletsa. Osindikiza eni ake, chifukwa cha mantha, adakhazikitsa bungwe la Comics Code Authority kuti liziunika tsamba lililonse n'kuika chidindo pachikuto. Kabuku kopanda chidindo ogulitsa ambiri ankakakana. Wapolisi ndi woweruza milandu samayenera kunyozeka m'nkhani, ndipo chigawenga chimayenera kugonja nthawi zonse. Pamene wosindikiza William Gaines adapereka nkhani ya woyenda m'mlengalenga yemwe kumapeto akuvula chisoti n'kuoneka kuti ndi munthu wakuda, mkulu wa bungwelo adati asakhale wakuda. Gaines adakanitsitsa. Apa ndiye funso lathu: mwana uti akadaonongeka poona nkhope yakuda? Chidindocho chidafa mu 2011.

Kwathu kuno lumo lidali la boma. Mu 1968, Zomba akadali likulu la dziko, Nyumba ya Malamulo ya m'tsinde mwa phiri la Zomba idavomereza lamulo lomwe lidabala Censorship Board. Nalonso lidabwera m'dzina loteteza makhalidwe. Lidaletsa mabuku mazanamazana, kuphatikizapo Animal Farm, ndipo sewero lililonse limayamba ladzera kubungweli lisanaonetsedwe. Buku la ndakatulo la Jack Mapanje, Of Chameleons and Gods, lomwe lidatuluka mu 1981, lidachotsedwa m'masitolo ndi m'sukulu mu 1985. Pa 25 September 1987 apolisi adamunyamula ku Gymkhana Club konkuno ku Zomba, ndipo adakhala kundende ya Mikuyu osazengedwa mlandu mpaka 1991.

Koma chotipweteka kwambiri ife a ntchito ya nyuzipepala ndi zimene sizidalembedwe n'komwe. Wojambula makatuni ankaseka chidakwa ndi bambo wachimasomaso, koma dzanja limauma likafika pa nduna, ndipo nkhope ya Kamuzu sankaiyerekeza. Mkonzi ankadula yekha nkhani bungwe lisanaione, kuopa kuyamba dala moto. Ku America osindikiza adachita izi poopa kutaya malonda, kuno tinkaopa Mikuyu, koma nkhani zomwe zidafera m'madilowa palibe adzaziwerenge.

Ena amati zonsezi zidatha ndi referendamu ya 1993. Ayi. Malamulo aakulu a dziko a 1994 amapereka ufulu wolankhula ndi wosindikiza, koma lamulo la 1968 lidatsala m'mabuku, ndipo mu 2011 lidagwiritsidwa ntchito pomanga katswiri wa zisudzo Thlupego Chisiza chifukwa cha sewero lake lotchedwa Semo.

Sitikunena kuti ana aziona chilichonse. Makolo akudandaula ndi zolaula za m'mafoni, ndipo nkhawa yawo ndi yomveka. Koma bungwe lodikira mabuku pa tebulo silingaletse zimene zikulowa pa WhatsApp usiku. Chofunika ndi bungwe longouza makolo msinkhu woyenera buku kapena filimu, kusankha n'kusiyira iwo.

Tikupempha aphungu athu, kuyambira a m'boma la Zomba komwe lamuloli lidabadwira, kuti alifafanize n'kuika lina loika misinkhu. A National Archives, omwe ali mumzinda momwemuno, aike poyera mndandanda wa mabuku onse omwe adaletsedwa, kuti ana asukulu adzaone okha zimene agogo awo adamanidwa kuwerenga.