TIKAMAYAMBANSO, TIKUMBUKE CAKA CITI?

Alimi anzanga a m'dziko la mafumu athu a Mlolo, a Mwangala ndi a Zingalume, mvula yoyamba ikagwa timati tayambanso, ngati kuti khasu lingakwirire zaka zonse zam'mbuyo. Koma munthu sapita kumunda ndi khasu lokha. Amasenzanso zimene anaona, ndipo zimenezo ndizo zimuuza mbeu yoti aponye m'phando loyamba.

Ine ndinakula ndi maganizo akuti mlimi weniweni ndiye wa cimanga. Maganizo amenewa sindinawatole pamseu ai. Ndinawalandira kwa atate. Iwo anayamba ulimi m'masiku a Namboard, pamene Boma la a Kaunda linali kufikitsa fataleza pafupi ndi midzi ndi kugula thumba la cimanga pamtengo umodzi m'dziko lonse. Alangizi anali kuphunzitsa za Lima, kamunda ka gawo limodzi mwa magawo anai a hekitala, ndipo munthu wakhama anali kufolera nyumba yace ndi malata. Namboard inatha mu 1989, koma m'mutu mwa atate sinathe, ndipo m'mutu mwanga inalowa osaodira.

Agogo anga aakazi anali ndi zokumbuka zaozao. Anaona njala ya 1949 ali kamtsikana, naonanso cilala ca 1992, pamene anthu anadya nsima ya cimanga cacikasu cocokera kunja. Cifukwa cace caka ndi caka anali kusunga kamunda ka cinangwa ndi mapira kuseri kwa mudzi. Ife a sukulu tinali kuwaseka kuti alima cikale. Atamwalira, ndine amene ndinalowetsa ng'ombe m'kamunda kaja ndi kubzalamo cimanga. Ndinayesa kuti ndiko kupita patsogolo.

Cakudza sicimba ng'oma. Kuciyambi kwa 1024 palibe amene anali ndi moyo pakati pathu, koma kuciyambi kwa 2024 tonse tinaona ndi maso athu mvula ikudula cimanga ciri kumasula ngayaye. Pa 29 February caka cimeneco, Mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse, popeza cinakhudza maboma 84 mwa maboma 116. Dziko linakolola cimanga matani pafupifupi 1.5 miliyoni okha. Kwathu nkhokwe inakhala yasa! Amene anapatsako ana a mlongo wanga cakudya anali mai wina wamasiye, mnzao wa agogo, amene sanazule cinangwa cace.

Mu 2025 mvula inagwa bwino, ndipo zokolola za dziko zinapitirira matani 3.6 miliyoni. Tithokoze. Koma apa ndipo pali mantha anga. Mimba ikakhuta imasankha zoti ikumbuke: imakumbuka caka ca malata, niiwala caka ca nsima yacikasu. Ndamva kale amuna ena pamsika pa Boma akunena kuti cilala cija cinali cangozi cabe. Kodi cinthu cimene cabwera kwa agogo, kwa atate ndi kwa ife tingacichebe ngozi?

Sindikunena kuti tileke cimanga. Ndico cigula sopo, mcere ndi yunifomu ya mwana, ndipo amene amadandaula kuti mapira alibe msika sanama. Mbalame nazo zimatha mapira, pakuti ana amene kale anali kuziingitsa tsopano ali m'kalasi, kumene ayenera kukhala. Cinangwa cimagona m'munda cilimwe conse, pamene mbuzi ndi nkhumba ziri kuyenda momasuka. Zonsezi ndi zoona. Koma nkhani ya ziweto siposa nyakwawa ndi nduna zace akakhala pansi ndi eni makola mvula isanagwe. Ndipo munthu wa hekitala imodzi akapatula Lima imodzi ya cinangwa, mbatata ndi khobwe, zotsala zitatu zikwanira cimanga cace. Alangizi a zaulimi ali m'madera mwathu; tiwafunse za mitundu yoca msanga.

Ine ndinapita kwa mai aja kukapempha mitengo ya cinangwa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Kodi si iwe mwana wa sukulu uja unalima munda wa ambuyako?" Ndinavomera. Anandipatsa mitolo iwiri, nandiuza kuti nditeme zidutswa zotalika ngati kucokera pacigongono kufika pacikhatho, ndipo ndisazike maso akuyang'ana pansi.